Kadzidzi Aona Maso a Nkhono

Ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, kudali mnyamata wina wa zaka 11 amene anzake adamupatsa dzina loti Kadzidzi. Dzinali lidamukanirira kotero kuti dzina lake lenileni lidangotsala m'kaundula wa aphunzitsi ndi pakamwa pa amayi ake. Iye sankalikonda m'pang'ono pomwe, pakuti kadzidzi ndi mbalame imene anthu ambiri safuna kuimva ikulira padenga pawo. Komabe anzakewo sadaname. Mnyamatayu ankakhala maso usiku, masana n'kumasinza.

Sadabadwe wotero ayi. Pamene adali mu Sitandade 2 ndi 3 adali mwana wochangamuka, waliwiro pa mpira ndiponso wakuthwa pa masamu. Zinthu zidatembenuka chaka chimene bambo ake, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Johannesburg, adatumizira amayi ake foni yatsopano. Foni yakale idakhala ya mnyamatayo. Bambowo adali ndi cholinga chabwino. Adafuna kuti Lamulungu lililonse madzulo azimva mawu a mwana wawo ndi kuona nkhope yake pagalasi la foni, popeza padali patapita zaka ziwiri osaonana.

Pafupi ndi msika padali kanyumba kamene anyamata ena ankalowetseramo anthu mafilimu ndi masewera m'mafoni pamtengo wochepa. Ndalama zimene amayi ankamupatsa kuti akagule mandasi pa nthawi yopuma zidayamba kuthera kumeneko. Amayiwo ankagulitsa kaunjika. Ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa ali otopa, ndipo akangodya nsima ankagona tulo tofa nato. Apo m'pamene tsiku la Kadzidzi linkayambira. Ankadzifunditsa bulangete ndi mutu womwe kuti kuwala kusaonekere, n'kuika foni pafupi ndi mphuno. Filimu ina ikatha ankayamba ina. Masiku ena tambala woyamba ankalira iye akadali maso.

Amayi ake sadazindikire msanga kuti zinthu zalakwika. Iwo adakula osadziwa zoterezi. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba kuulutsa mu 1999, iwo ali kale pamsinkhu wokatunga madzi okha, ndipo kumudzi kwawo kudalibe nyumba ngakhale imodzi yokhala ndi kanema. Poona mwana wawo ali phee m'nyumba, mtima wawo unkakhala pansi. Ankati mwana wokhala m'nyumba sagundidwa ndi njinga yamoto ndipo satengera makhalidwe oipa a m'misewu. Maganizo amenewa sadali opusa. Chimene sadadziwe n'chakuti m'nyumba namonso mwana angathe kufota, monga ufotera mmera wa chimanga wovundikiridwa ndi dengu.

Zizindikiro zidabwera chimodzichimodzi. Maso ake adayamba kufiira ndi kuyabwa ngati mwalowa mchenga. Mutu unkamupweteka pamphumi. Nsima ankangoitsina pang'ono n'kusamba m'manja. Mlongo wake wamng'ono akamufunsa kanthu, ankamukalipira. M'kalasi adasamukira kumbuyo, kumene munthu angathe kutsamira khoma aphunzitsi osamuona, ndipo zolembedwa pabolodi ankazikopera m'kope la mnzake. Pa mayeso otsiriza a Sitandade 4 adakhoza mwamwayi, ali m'gulu la omalizira. Aphunzitsi adaitanitsa amayi ake.

"Mayi, mwanayu nzeru ali nazo," adatero aphunzitsiwo, "koma kuno amabwera thupi lokha. Akalowa mu Sitandade 5 ali chonchi, chaka chamawa adzabwereza. Kodi amagona nthawi yanji?"

Amayi adatembenukira mwana wawo. Iye adangoti zyoli. Usiku womwewo amayiwo adakhala maso dala, ndipo adaona kuwala kukutuluka m'mphepete mwa bulangete. Sadanene kanthu. Kutacha adamuuza kuti tchuthi chonse akakhala kwa agogo ake ku Dedza.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza ndi ulendo wa makilomita oposa 80. Njira yonseyo Kadzidzi sadaone phiri ngakhale limodzi, chifukwa maso adali pafoni. Mudzi wa agogo ake udali m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, munthu asanafike pa boma. Agogo aakazi adamulandira ndi nthungululu.

"Afika amuna anga a ku tauni! Koma bwanji mwaonda chotere? Kodi ku Lilongwe kwatha ufa?"

Mnyamatayo adangomwetulira pang'ono, maso akufunafuna pakhoma poti n'kulumikiza foni. Padalibe. M'mudzimo mudalibe magetsi. Ofuna kutchaja mafoni ankayenda ola lathunthu kupita pamsika, pamene munthu wina adali ndi magetsi a dzuwa, ndipo ankalipiritsa.

Dera la Dedza n'lokwera, ndipo m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kumazizira kwambiri. M'mawa mwake agogo aamuna adamudzutsa nkhungu isanachoke, namuuza kuti apite kubusa ndi mng'ono wake. Mng'ono wakeyo adali mwana wa amayi ake aang'ono, mnyamata wa zaka 9, wamfupi koma wolimba. Nyengo imeneyo anthu amakhala atakolola, choncho mbuzi zimadya momasuka m'minda. Ntchito ya abusa n'kuziletsa kutsikira kudambo kumene kuli madimba. Kwa masiku awiri Kadzidzi ankangotsatira m'mbuyo akunjenjemera ndi chisanu, akusunga moto wotsala m'foni monga mayi asungira mchere wotsiriza.

Tsiku lachitatu mng'ono wake adatumidwa kuchigayo.

"Achimwene, ntchito yake ndi imodzi yokha," adatero ponyamuka. "Zisatsikire kudambo. Makamaka yamawanga ija, imeneyo ndiyo imatsogolera zinzake."

Kadzidzi adavomera, nakhala pansi pa mtengo. Adati angoonera pang'ono pokha. Pamene foni inkazima yokha, moto utatheratu, adadzutsa mutu. Mbuzi padalibe. Kudambo kunkamveka mfuu ya mayi wina.

Dimbalo lidali la a Naphiri, mayi wamasiye amene ankalera adzukulu atatu ndi ndalama za ndiwo zamasamba. Mbuzi zidaboola mpanda wa udzu n'kudya mpiru mabedi anayi, kusiya tizitsa tokhatokha. Ndiwozo zidali zoti akagulitse pamsika Loweruka lomwelo.

Madzulo agogo aamuna sadatenge mkwapulo. Adagwira nkhuku yathadzi, nauza mdzukulu wawo kuti awatsate. Atafika pakhomo pa a Naphiri, mkulu wa imvi uja adanjuta pansi, nawomba m'manja. Kwa Kadzidzi, kuona agogo ake akupepesa chifukwa cha iye kudawawa kuposa mkwapulo.

"A Naphiri, tapalamula. Mbuzi n'zathu, mwananso ndi wathu. Landirani kankhukuka."

A Naphiri adayang'ana nkhuku, nayang'ananso mnyamatayo kwa kanthawi.

"Nkhukuyi bwererani nayo," adatero. "Nkhuku sithirira mbewu. Mundibwereke manja a mwanayu m'mawa uliwonse mpaka mpiru wanga utabwerera."

Motero ntchito idayambika. Dzuwa lisanatuluke Kadzidzi ankatsikira kudambo, mame akumunyowetsa miyendo. Adathandiza kutseka mpanda, kutipula mabedi, kuthira manyowa ndi kuwokera mbande za mpiru kuchokera panazale. Kenaka kuthirira: kutunga madzi pachitsime, kuyenda nawo mpaka pabedi, kuwaza mosamala kuti mbande zisagwe, n'kubwereranso. Tsiku loyamba adawerenga ndowa 30, ndipo m'manja mudatuluka matuza. Koma chimene chidamuvuta kwambiri sadali matuzawo. Udali bata wa kudambo. Dzanja lake linkangopita lokha m'thumba kufuna foni yopanda moto ija, ndipo mumtima ankamva ngati wataya kanthu.

M'mawa wina a Naphiri adatola nkhono pansi pa masamba a kabichi. Idali itadzibweza yonse m'chigoba chake.

"Iwe wa ku tauni, maso a nkhono udawaonapo?"

"Ayi, agogo. Koma mikango ndidaiona pafilimu."

"Mikango ya eni ake isiye. Ine ndikufunsa za nkhono iyi."

Adaiika patsamba lonyowa, napita kukazula udzu. Kadzidzi adanjuta, nadikira. Padapita kanthawi osaoneka kanthu. Adaigogoda ndi kamtengo, nkhonoyo n'kulowereratu mkati. Adatopa, naisiya. Mawa lake adayesanso, koma maganizo adathawira ku filimu imene adaisiyira pakati, ndipo pocheuka adapeza nkhono itachoka kale, itangosiya kanjira konyezimira kolowera m'zinyalala. Tsiku lachitatu adaifuna yekha mpaka adaipeza, ndipo ulendo uno adakhala phee ngati chitsa. Adamva njiwa zikulira m'mitengo ya tsidya. Adamva madzi akudontha kuchokera kundowa, ndi dzuwa likumufunditsa msana. Pang'onopang'ono mutu wa nkhono udasuzumira. Padatuluka tinyanga tiwiri tatifupi ndi tiwiri tatitali, ndipo pansonga pa kanyanga kalikonse kakatali padali kadontho kakuda.

"Agogo! Ndawaona! Ali kunsonga kwa nyanga!"

"Eya," adayankha a Naphiri osadzutsa n'komwe mutu. "Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha."

Atatero adabwera, nanyamula nkhonoyo n'kuiponya kutsidya kwa mtsinje, pakuti ngakhale ili ndi maso odabwitsa, nkhono ndi mbala ya ndiwo.

Sabata yachiwiri isanathe, agogo aakazi adayamba kuwonjezera ufa mumphika. Mnyamata wotsina nsima uja tsopano ankamaliza mitanda iwiri ya mgaiwa, n'kumayang'anabe m'mbale. Usiku, nthano ili pakati, ankapezeka atagona pamphasa kukamwa kuli yasa. M'mawa ankadzuka yekha kum'mawa kukufiira, mutu uli wopepuka.

Zimenezi sizidali zamatsenga. M'thupi la munthu muli ngati wotchi imene imatsata kuwala. Kunja kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin, timene timauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Kuwala kolowa m'maso usiku kumachedwetsa timadzi timeneti, ndipo filimu yokoma imautsa maganizo pa nthawi imene ayenera kupuma. Kuwala kwa m'mawa ndiko kumabwezera wotchiyo m'malo mwake. Madokotala amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12 pa tsiku. Ku Kawale, Kadzidzi ankagona mwina theka la maola amenewa. Tsono ndi m'tulo momwe ubongo umasunga bwino zimene mwana waphunzira masana, motero wopita kusukulu osagona mokwanira ali ngati munthu wotungira madzi m'dengu. Kuyabwa kwa maso nako kudatha. Munthu woyang'anitsitsa galasi la foni amaphethira mwa apo ndi apo, ndipo maso ake amauma.

Koma padali chinthu chimodzi chimene dambo silidachiritse. Chidaululika tsiku limene agogo aamuna adatenga anyamata awiriwo kukwera phiri kukaona mapanga a zithunzi. M'nkhalango ya Chongoni ndi m'mapiri oyandikana nayo muli malo 127 pamene anthu akale adajambula pamiyala. Zithunzi zofiira za mizeremizere adajambula ndi Akafula, ndipo zoyera, zooneka ngati nyama, adajambula ndi makolo a Achewa. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. Kadzidzi adaziyang'ana pafupi, nafuna kuzikhudza, koma agogo adamugwira dzanja.

Atatuluka m'phangamo adakhala pathanthwe kuti apume. Dziko lidayalika patsogolo pawo. Uko kudali phiri la Dedza, limene nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 2,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo chakumadzulo kudali mapiri a ku Mozambique.

"Achimwene, taonani anyani pathanthwe ilo! Wina wabereka mwana."

"Kuti?"

"Apo, pafupi ndi mtengo wa masamba ofiirawo."

Kadzidzi adafinya maso, koma adangoona chimbuuzi chofiirira ndi chotuwa. Mng'ono wake adawerenga anyani asanu ndi awiri. Adaloza basi pamsewu wa tala, denga la tchalitchi, ndi utsi wa uvuni wa njerwa. Zonsezi kwa Kadzidzi zidali mbuu. Adafuna kunama kuti akuona, koma agogo adali kumuyang'ana.

"Mdzukulu wanga, nanga pabolodi umaona?"

Mnyamatayo adakhala chete, kenaka misozi idalengeza. Kwa chaka chathunthu adakhala akuganiza kuti ana onse amaona bolodi monga iye, ndi kuti anzake angomuposa nzeru.

Diso la mwana limakula monga likulira thupi lonse. Likakula motalika kupitirira muyeso, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, mwanayo amaona bwino zapafupi, monga maso a nkhono, koma zakutali zimamuonekera mwachimbuuzi. Ena amatengera vutoli kwa makolo awo. Komabe madokotala a maso apeza kuti limachuluka pakati pa ana amene amakhalitsa m'nyumba maso ali pa zinthu zapafupi, ndi kuti kuwala kwa panja kumathandiza diso kukula moyenera. Munthu sazindikira kusiyana kwake chifukwa maso amazolowera msanga, koma masana panja, ngakhale pamthunzi wa mtengo, pamawala kakhumi kapena kuposa apo poyerekeza ndi m'chipinda.

M'maiko ena a ku Asia vutoli lidakula kwambiri, mwakuti m'mizinda ina achinyamata ambiri omaliza sukulu ya sekondale saona patali popanda magalasi. Mumzinda wa Guangzhou, ku China, madokotala adachita kafukufuku m'sukulu 12. M'sukulu 6 ana a kalasi yoyamba adawawonjezera mphindi 40 zokhala panja tsiku lililonse la sukulu, ndipo m'sukulu 6 zinazo sadasinthe kanthu. Zotsatira zake zidafalitsidwa mu 2015. Patatha zaka zitatu, mwa ana 100 alionse amene sadawonjezeredwe nthawi, pafupifupi 40 adali atayamba kusaona patali, pamene mwa ana 100 alionse otuluka panja aja adali pafupifupi 30. Ku Taiwan nako, mu 2010 Unduna wa Maphunziro udalimbikitsa sukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 tsiku lililonse. Chiwerengero cha ana a pulayimale osaona bwino, chimene chidakhala chikukwera kwa zaka zambiri, chidayamba kutsika. Mankhwala ake adali aulere, ofika pakhomo pa aliyense m'mawa uliwonse. Sikuti ana ankayang'ana dzuwa lenilenilo, pakuti kutero kumaononga maso. Kukhala pamthunzi n'kokwanira, ndipo mwana wa khungu lachialubino ayenera kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali.

Tsoka lake n'lakuti diso likatalika silibwereranso. Kukhala panja kumateteza, koma amene wayamba kale kusaona patali amafunika magalasi. Agogo sadadziwe za Guangzhou, koma adadziwa kuti nkhaniyi ndi ya chipatala, ndipo adati makolo ake auzidwe.

Loweruka lotsatira Kadzidzi adasenza dengu la matimati la a Naphiri kupita nalo pamsika. Atagulitsa, a Naphiri adamasula mfundo ya chitenje, namupatsa ndalama yotchajira foni. Moto utalowa adatumiza uthenga, ndipo posakhalitsa bambo ake adaimba. Kale macheza awo sankachedwa. Bambo ankafunsa, mwana n'kumayankha kuti "eya", "ayi", "bwinobwino", mtima uli pa masewera amene adawasiya. Tsiku limeneli mnyamatayo sadapereke mpata. Adasimba za mbuzi yamawanga, za nkhuku imene idakanidwa, za matuza, za maso a nkhono, ndi za anyani asanu ndi awiri amene iye sadawaone. Bambowo adamvetsera mpaka kumapeto.

"Za magalasi usade nkhawa, nditumiza ndalama," adatero. "Koma mwana wanga, zaka ziwiri zonsezi ndimangokuona pagalasi. Lero ndiye ndacheza nawe."

Chizolowezi sichithawa tsiku limodzi. Usiku womwewo, foni ili ndi moto wodzaza, Kadzidzi adalowanso m'bulangete, nakamaliza filimu ija ndi ina pamwamba pake. M'mawa adafika kudimba dzuwa litakwera, miyendo ili yolemera, nathira madzi ndowa yonse pamalo amodzi mpaka mbande zitatu zidazuka. A Naphiri sadamukalipire. Adangozidzalanso, nati, "Lero kwabwera wa ku tauni uja. Mnzanga wa masiku onse ali kuti?" Madzulo ake mnyamatayo adapereka foni kwa agogo aakazi, ndipo iwo adaiika m'sutikesi pamodzi ndi chitenje chawo cha ku tchalitchi.

Pamene tchuthi chinkatha, mpiru udali utabiriwira m'mabedi onse anayi. A Naphiri adathyola woyamba, namanga mtolo waukulu woti apite nawo kwa amayi ake. M'dzanja lake adamufumbatitsa kapepala kokulungamo njere za mpiru.

Atabwerera ku Lilongwe, amayi adapita naye kuchipatala cha maso. Adamukhazika pampando, namuuza kuti awerenge zilembo zopachikidwa pakhoma. Adawerenga mizere iwiri yapamwamba yokha. Patapita masiku adalandira magalasi, ndipo potuluka panja adaima chilili. Mtengo wa mango umene udali patsidya pa msewu sudalinso chimulu chobiriwira. Tsamba lililonse lidali palokha.

Kusukulu anzake atamuona adafa nalo phwete. "Tsopano ndiye wakwanira kadzidzi! Taonani maso akewo!" Iye adaseka nawo limodzi, nakakhala kutsogolo. Dzinalo silidachoke, koma lidaleka kuluma.

Kunyumba adapangana ndi amayi kuti ikatha nsima yamadzulo foni izikagona kuchipinda kwawo. Panganoli lidavuta. Masiku ena padali kung'ung'udza ndi kumenyetsa zitseko. Ndiponso ku Kawale kulibe dambo la a Naphiri kapena nkhalango ya Chongoni. Koma dzuwa la ku Dedza ndi lomwelo la ku Kawale. Kuseri kwa nyumba mnyamatayo adadzaza dothi ndi manyowa m'matumba akale asanu, nafesa njere zija, n'kumazithirira ndi madzi otsukira mbale. Akaweruka ankapita kubwalo kukamenya mpira wachikulunga, magalasi atawamangirira kumutu ndi kachingwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2020 kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi, monga kuthamanga ndi kusewera, kwa mphindi 60 pa tsiku. Kadzidzi sankawerenga mphindi. Ankabwera akamva amayi a kunyumba yoyandikana ndi bwalo akuitana ana awo.

Chimene chidamudabwitsa n'chakuti nthawi yowerenga sidachepe. Idachita ngati yachuluka. Tsiku lina Loweruka adakhala pakhonde ndi samu yogawa imene idamukanika katatu. Kale zikatero ankatola foni kuti apumeko, ndipo podzazindikira kunja kudali kutada, samu ili pomwepo. Tsikuli adatseka kope, natenga ndowa. Adathirira matumba ake, nachotsa timbozi tiwiri pamasamba, naima kuonerera akhwangwala akulimbirana chitsononkho padenga la anansi. Za samu sankaziganiza n'komwe. Koma pamene ankatsanula madzi otsiriza, adangokumbukira kuti maulendo atatu onse aja adaiwala kutsitsa ziro. Adathamangira kukope, ndipo samuyo idatheka.

Maganizo amatopa monga itopera miyendo. Foni siwapumitsa, chifukwa chithunzi chilichonse chimakoka maso mwamphamvu, china n'kubwera chinzake chisanathe. Zinthu za panja, monga mitambo, mbalame ndi masamba ogwedezeka ndi mphepo, zimaitana munthu mofatsa, ndipo maganizo amapeza mpata womasula mfundo imene idawakanika. Anthu ena ogwira ntchito ya mutu adazindikira zimenezi kalekale mafoni asanabwere. Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe wa ku England amene adabadwa mu 1809 namwalira mu 1882, adakonza kanjira kozungulira kankhalango pafupi ndi nyumba yake, kotchedwa Sandwalk. Pafupifupi tsiku lililonse ankasiya mabuku ndi zolemba zake n'kukayenda m'kanjirako akusinkhasinkha. Ankaunjika timiyala poyambira, ndipo akazungulira kamodzi ankakankhira kamwala kamodzi pambali, kuti asavutike n'kuwerenga maulendo.

Pa mayeso a teremu yoyamba ya Sitandade 5 Kadzidzi sadakhale woyamba. Adali chapakati, koma pa masamu adali m'gulu la asanu otsogola, ndipo mawu oti adzabwereza sadamvekenso.

Lamulungu lina madzulo foni idalira m'nyumba. Amayi adatuluka nayo pakhonde, nayang'ana uku ndi uku. Ndowa idali pafupi ndi matumba a mpiru, ikadali yonyowa, koma mwini wake padalibe. Chakubwalo fumbi lidali koboo.

"Bambo ake, mwana wanu kulibe. Ali ku mpira. Nditume mlongo wake akamuitane?"

"Ayi, musiyeni. Ndiimbanso kukada. Nanga mpiru uja wafika poti n'kuthyola?"

"Tadya kale dzulo, wotendera."